Uthenga Wakhumi ndi Chiwiri wa Anesi

Mukalowa m'nyumba ya mashopu ija ya nsanjika ziwiri, n'kudutsa wogulitsa nsapato ndi wometa, pansi pa masitepe pali kachipinda koti munthu wamtali sangaimemo chilili. M'menemo ndi mmene mumakhala Adokotala. Si dokotala wa anthu ayi. Sukulu anailekeza panjira, ndipo akaona magazi amachita chizungulire. Dzinali anawapatsa ndi anthu chifukwa cha mafoni. Foni yogwera m'madzi, yopondedwa ndi galimoto, yolumidwa ndi mwana, imafika patebulo pawo ili chikomokere n'kuchokapo ikulira. Akhala pansi pa masitepewo zaka makumi awiri ndi zinayi, ndipo msana wawo unapindika motsatira denga.

Masiku ano ali ndi kachizolowezi kotopetsa makasitomala. Mukawapatsa chipangizo, amachiyatsa, n'kuchigoneka chagada, galasi likuyang'ana kumwamba, ndiye amachiyang'anitsitsa mpaka chithunzi cha mwiniwake chituluke. Kenako amadzutsa mutu n'kuyang'ana inuyo. Amene ali pachangu amang'ung'udza kuti mkuluyu wayamba kukalamba. Wometa, amene amaidziwa nkhani yonse, amangopitiriza kumeta.

Kale sankatero. Kale lamulo lawo linali lakuti chipangizo cha munthu chimagona chafufumimba. Patebulo panali kansalu kobiriwira, ndipo foni iliyonse akangodina batani loyatsira ankaigoneka pamenepo nkhope pansi, n'kulumikiza chingwe, zotsala zonse n'kumachitira pa kompyuta. Ankati umenewo ndi ulemu. "Ine sindisuzumira kuchipinda kwa eni," ankatero, ndipo n'zoona, palibe mwamuna kapena mkazi amene banja lake linagwedezeka chifukwa cha pakamwa pa Adokotala. Koma tinene chilungamo, ulemuwu unkagwiranso ntchito ina. Munthu amene sanaone nkhope ya mwana pagalasi safunsa kuti mwanayo ndi wa yani.

Amene ankapindula ndi kusafunsaku anali mkulu wina wotchedwa Wajekete. Ankabwera Lachiwiri lililonse atavala jekete ngakhale kunja kukuwotcha ngati m'ng'anjo, chifukwa m'kati mwa jeketeyo munali matumba osokerera. Ankatulutsamo mafoni awiri, nthawi zina atatu, nthawi zina tabuleti, zija zazikulu zooneka ngati sileti ya ana asukulu. Nkhani yake inali imodzimodzi chaka ndi chaka: eni ake aiwala nambala yachinsinsi, mungofufuta zonse iyambirenso. Anthu a m'tauni imeneyi ankaiwala nambala zawo modabwitsa ndithu, ndipo onse oiwalawo ankakumana ndi Wajekete. Adokotala ankagoneka chipangizocho chafufumimba, n'kufufuta. Mphindi khumi zinkakwana.

Amene sankagwirizana nazo anali akazi awo. Iwo ankakhala pampando pakhomo pa kachipindako, akugulitsa machaja ndi makava a mafoni, ndipo poti ndiwo ankalandira odwala asanafike kwa dokotala, nyumba yonse inkawatchula kuti Anesi. Anali mayi wamfupi, wa mawu omveka mpaka pansanjika yachiwiri, wosadziwa kunong'ona. Tsiku limene analumikiza intaneti m'kachipindamo, mnzawo wolumikizayo atafunsa dzina loti alembe pa wayifayi, Anesi anati alembe ANESI, ndi zilembo zikuluzikulu, kuti aliyense wofuna kuba adziwiretu amene akumubera.

Wajekete akangotuluka, iwo ankayamba.

"Bambo ake, zinthu za eni mumazigoneka chafufumimba ngati zalakwa. Tatembenuzani muone kaye."

"Mayi ake, munthu wofuna kudziwa zonse sagona tulo."

"Nanga inu mumagona? Si inu mumangotembenukatembenuka ngati nyama ya pamoto?"

Adokotala ankaseka, wometa n'kuseka, nkhani n'kuthera pomwepo mpaka Lachiwiri linalo.

Anesi anali ndi tabuleti yawoyawo, yakuda, ya mtundu umene uli m'manja mwa anthu ambirimbiri. Anawagulira ndi amuna awo, yatsopano, ya m'bokosi, yokhala ndi lisiti, chinthu chimene Anesi anachiyang'ana kawiri asanalandire. Anaiveka kava ya maluwa ofiira. Tsiku lina inagwa pampando n'kuchita mng'alu pakona, ndipo mng'aluwo unakhala zaka zitatu osakonzedwa, chifukwa mkazi wa dokotala ndiye amathera kumapeto kwa mzere. Pagalasi pake panali chithunzi cha iwo eni, atatseka diso limodzi chifukwa cha dzuwa, akukalipira wojambulayo kuti afulumire.

Matenda atawagwira, tabuletiyo inapita nawo kuchipatala. Anagonako miyezi itatu. Adokotala ankaganiza kuti akazi awo amangomvetsera nyimbo, osadziwa kuti iwo akatuluka kukagula mankhwala, Anesi ankayamba ntchito. Maliro atatha, mwana wawo yekhayo, wamkazi, amene amagwira ntchito m'sitolo ya mankhwala m'tauni ina yakutali, ndiye anawapatsa tabuletiyo. "Ababa, amayi akusiyirani mauthenga a mawu mmenemu. Alipo khumi ndi awiri. Anati muzimvera umodzi pamwezi, musachite umbombo."

Woyamba anaumvera ali okha kunyumba, atakhala pamphepete pa bedi, mtima uli m'mwamba poganiza kuti amva zolira. Mawu anatuluka ngati mwiniwake ali kukhitchini: "Bambo ake, ndikudziwa kuti thaulo lili pabedi. Kaliyanikeni." Adokotala anacheuka, ndipo thaulo linalidi pabedi, lonyowa. Analira ndi kuseka nthawi imodzi mpaka nthiti kuwawa. Wachiwiri unali wa mankhwala awo a magazi othamanga. Wachitatu unali wonena kumene kuli singano, ndi kuti batani lakuda silisokedwa ndi ulusi woyera ngakhale munthu akhale wamasiye. Wina unali wa mlamu wawo, kuti akabwera ndi nkhani ya bizinesi amupatse tiyi koma asamupatse khutu. Mwezi ndi mwezi mawuwo ankachepa mphamvu, kupuma kunkamveka pakati pa mawu, koma kukalipa kunalipobe. Chaka chonsecho Adokotala anakhala ndi mkazi m'nyumba, ngakhale kuti ankabwera kamodzi pamwezi.

Kumapeto kwa uthenga wakhumi ndi chimodzi, Anesi anasiya nthabwala. "Wotsalawo musamvere nokha," anatero. "Mukamvere limodzi ndi mwana. Pali zimene ndikufuna ndikuuzeni nonse awiri, zimene ndinalephera kunena muli pafupi."

Apa ndi pamene munthu angafunse kuti, nanga katswiri wa mafoni analekeranji kukopera mawuwo pena? Si iwo omwe ankalalikira kasitomala aliyense kuti zinthu zofunika zizisungidwa pawiri? Anesi anali atakana zoti zinthu zawo zizikhala pa intaneti, ankati zanga zikhale pano pomwe ndikuziona. Chotsala chinali kulumikiza tabuletiyo ku kompyuta ya kuntchito. Koma kuigoneka pa kansalu kobiriwira kaja, pa chingwe chomwe chija chofufutira za eni, manja ankakana. Ankati mawa. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Mwezi wakhumi ndi chiwiri utakwana, anakulunga tabuletiyo mu mpango wa malemuwo, n'kuika m'chikwama, n'kukwera basi ya maola asanu. Anafika dzuwa lili paliwombo. Padepoti panali chipwirikiti cha nthawi zonse, ndipo mayi wina wokalamba anawapempha kuti amuthandize kutsitsa thumba. Anakankhira chikwama kumbuyo, n'kutsitsa thumbalo, mayiyo n'kuthokoza. Atayenda pang'ono anamva kuti phewa lapepuka. Chikwama chinali chong'ambidwa ndi lezala kuchokera pamwamba mpaka pansi, mwaukhondo, ndi munthu wodziwa ntchito yake. Mswachi unalimo, malaya analimo. Mpango ndi tabuleti munalibe.

Mwana wawo anawapeza ataima pakati pa depoti, kukamwa kuli yasa, akutembenuza chikwamacho ngati china chingagwemo. Chimene chinkawapweteka kwambiri n'chakuti ankadziwa njira yonse imene tabuletiyo iyende. Wakuba sasunga katundu. Amapatsira wina, winayo n'kupatsira wa jekete wa kumeneko, ndipo mapeto ake ndi patebulo pa munthu wonga iwo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Atabwerera kwawo anafukula bokosi ndi lisiti, n'kuimba foni ku kampani imene inapanga tabuletiyo. Anayankha mayi wa mawu ofewa, aulemu wochita kusefukira. Adokotala anatchula nambala ya kufakitale, n'kutchulanso kachiwiri.

"Pepani kwambiri ndi zimene zakuchitikirani, bambo," anatero mayiyo.

"Zikomo. Koma ndiuzeni, kodi inuyo mumatha kuiona?"

"Ikayaka n'kulumikizika pa intaneti, makina athu amadziwa."

"Amadziwa kumene ili?"

"Amadziwa, bambo."

"Ndiye basi! Ndiuzeni, ndinyamuke."

"Zimenezo sitiloledwa. Apolisi atilembere kalata, ife tidzayankha apolisiwo. Chimene tingachite lero n'kukutumizirani uthenga nthawi iliyonse ikayaka. Komanso ngati mukufuna, tingathe kuifufuta tili konkuno kuti wakubayo asaone zinthu zanu."

Adokotala anadzuka mpaka kugunda mutu kumasitepe. "Musayerekeze! Mwamva, mayi? Muli mkazi wanga mmenemo!"

Mayiyo anapepesanso. Atangodula, foni inanjenjemera. Unali uthenga wochokera ku kampani yomweyo, wofunsa ngati akhutira ndi thandizo limene alandira, asankhe kuyambira nyenyezi imodzi mpaka zisanu. Kuyambira tsiku limenelo, nthawi iliyonse akaimba, kauthenga kameneka kankatsatira pambuyo ngati galu wa mnansi.

Ya kupolisi inali nkhani inanso. Polisi ya kwawo inati mlandu ndi wa kumene anaberedwa. Ya kumene anaberedwa inati kalata yopita kukampani amasaina ndi bwana, ndipo bwana ali kumaphunziro. Adokotala, munthu woti anali asanatsekepo shopu chifukwa cha chimfine, anayamba kukhala pamabenchi a m'maofesi atafumbata bokosi lopanda kanthu.

Ndiye mauthenga aja anayamba kubwera. Woyamba unafika patapita masiku anayi, m'mawa akumwa tiyi: chipangizo chanu chayaka nthawi yakuti. Panalibe malo, panalibe dzina, nthawi yokha basi. Tiyi anazizira m'kapu. Kwinakwake, m'chipinda chimene iwo sankachidziwa, Anesi anali atatsegula diso lawo limodzi lija n'kuyang'ana munthu wachilendo. Patapita masiku atatu unabwera wina, kenako zii sabata yathunthu, kenako awiri tsiku limodzi. Uthenga uliwonse unkawasangalatsa chifukwa unkatanthauza kuti mawu aja akadali moyo, ndipo unkawaopsa chifukwa mwina ndiwo unali womaliza. Anayamba kuyenda ndi foni m'manja ngakhale popita kubafa. Nthawi zina ankaimva ikunjenjemera ili phee.

Wometa ndiye anali loya wawo. "Anthu amenewa anakugulitsani ng'ombe, chingwe n'kutsala nacho iwo," ankatero, lezala ali m'mwamba, kasitomala akudikira ndi mutu wometedwa theka. "Ikakhala nkhani yokutsatsani yatsopano, amakupezani ngakhale mubisale kuchimbudzi. Lero mwati andiuze kumene kuli changa, akuti malamulo. Malamulo ake ati oteteza wakuba?"

Adokotala ankagwedeza mutu movomereza. Mawu omwewo anakawabwereza kwa mwana wawo pafoni, akuyembekeza kuti awathandiza kutukwana. Koma mwanayo anayankha ndi funso.

"Ababa, mukukumbukira nditathawa kwa bambo aja?"

Ankakumbukira. Mwana wawo anachoka pabanja ndi diso lotupa ndi chikwama chimodzi, n'kukabisala kwa mnzake miyezi iwiri.

"Foni imene ndinathawa nayo anagula ndi iwo. Lisiti linali m'dzina lawo, bokosi linali kwa iwo. Akanaimba kukampani n'kunena kuti yabedwa, mayi wa mawu ofewayo n'kuwauza nyumba imene ndinali, lero mukanakhala mukulankhula ndi yani?"

"Koma ine si munthu wotero, mwanawe."

"Ine ndikudziwa. Nanga iwo adziwa bwanji pafoni? Komanso atakuuzani, mupita nokha, ndi msana wanuwo, kukagogoda pakhomo la mbava?"

"Ndiye amayi ako atayike chifukwa cha amuna oipa a anthu ena?"

Mwanayo analira. "Inenso ndikufuna kumva zimene ananena, ababa. Musaganize kuti ndi inu nokha." Anadula onse awiri osatsanzikana bwino, ndipo aliyense anali ndi mbali yake yoona, chimene chimapweteka kuposa kukangana ndi munthu wolakwa.

Masabata amenewo Adokotala anasiya kufufuta. Lachiwiri loyamba Wajekete atafika, anamukokera pambali n'kumufotokozera: yakuda, kava ya maluwa ofiira, mng'alu pakona yakumanja. Wajekete anamvetsera ndi nkhope ya pamaliro. "Kutali kumeneko si dera langa, madala. Koma ndikamva kanthu ndikuuzani." Kenako anayamba kutsegula jekete. Adokotala anakweza dzanja. "Zimenezo pita nazo kwina." Lachiwiri linalo anakananso, ndi linalo. Tabuleti iliyonse yodutsa pakhonde, ngakhale ili m'manja mwa mwana, maso awo ankathamangira pakona yakumanja kufuna mng'alu.

Pamapeto pake polisi ya kwawo inavomera kulemba, ndipo kalata inapita sabata yachinayi. Sabata yachisanu ndi chimodzi, Lachiwiri m'mawa, Adokotala anaimba kuti amve pamene zafika. Anayankha mayi wina, koma mawu ake anali ofewa chimodzimodzi, ngati amawagula sitolo imodzi. Anati kalatayo inafika, koma chidindo sichikuoneka bwino, ndiye apolisi atumize ina.

"Mayi, tabuletiyo inayaka Lachisanu. Inuyo mukuona pamene inayakira. Zili patsogolo panu pomwepo, si choncho?"

"Ndikumvetsa mmene mukumvera, bambo."

"Simukumvetsa! Mukanamvetsa mukanangonena dzina la tauni lokha!"

Anadula okha. Anatsegula dirowa, n'kuponyamo foni, n'kutseka mwamphamvu mpaka timasikuluu tinadumpha patebulo. Kwa nthawi yoyamba m'masabata asanu ndi limodzi, foniyo inachoka m'manja mwawo. Mtima unali utawira. Ndipo tsoka silinunkha, nthawi yomweyo pakhomo panaima jekete.

"Madala, lero musandibweze. Izi n'zoyera, za sukulu ya mkaka. Aphunzitsi amene ankadziwa nambala anachoka."

Anayala matabuleti anayi patebulo, onse akuda, onse ozima, m'makava akuda atsopano, magalasi osalala opanda ndi kachikanda komwe. Adokotala anayang'ana makona onse. Panalibe mng'alu, panalibe maluwa. Bodza la sukulu ya mkakalo analimva ndithu kuti ndi bodza, koma mkwiyo unali utawatseka m'makutu. Mumtima anati, ngati eni fakitale, okhala ndi makina oona dziko lonse, sasamala za mwini chinthu, ine wa pansi pa masitepe ndine yani? Aliyense alire maliro ake.

"Bweretsa," anatero.

Manja anabwerera okha kuntchito imene anaidziwa zaka makumi awiri ndi zinayi. Kudina batani, kugoneka chafufumimba pa kansalu kobiriwira, kulumikiza chingwe, maso pa kompyuta. Yoyamba inatha. Yachiwiri inatha. Yachitatu itayaka, ili chigonere nkhope pansi, inalira kamodzi, kakulira kakang'ono ngati supuni yagunda kapu. Nthawi yomweyo m'dirowa foni inanjenjemera. Adokotala anatsonya. Ameneyo ndi galu wa mnansi uja, anaganiza, akufuna nyenyezi zake. Anadina batani la pa kompyuta, mzere wobiriwira n'kuyamba kuyenda, ndipo iwo anauyang'ana mpaka unafika kumapeto. Yachinayi inali yovuta batire, inawatengera nthawi. Wajekete analonga katundu wake m'matumba n'kupita akuimba mluzu.

Foni anaitulutsa masana, mtima utatsika. Mauthenga analipo awiri. Wina unalidi wa nyenyezi. Winawo unati chipangizo chanu chayaka mphindi khumi ndi zisanu ndi ziwiri itadutsa teni koloko. Adokotala anauonetsa wometa. "Taonani, akuseweretsanso mkazi wanga. Mulungu amuone munthu ameneyu, manja ake adzaume." Wometa anavomereza kuti adzaumadi.

Umenewo unali uthenga womaliza. Sabata inatha, ina n'kutha, foni ili duu. Poyamba ankadzilimbitsa mtima kuti mwina batire yatha, mwina wakubayo waibisa poopa apolisi. Koma dokotala amadziwa kusiyana kwa wogona ndi wakufa. Kunyumba, thaulo ankaliyanika msangamsanga, ngati kuti akalisiya pabedi palibenso amene angawakumbutse. Mawu khumi ndi limodzi aja ankawabwereza pamtima kuti asawaiwale, ndipo anachita mantha atazindikira kuti mawuwo akuwakumbukira, koma kamvekedwe kake kayamba kuzilala.

Patapita masabata atatu apolisi anaitana. Kampani inali itayankha kalata yawo yachiwiri. Mwana wawo anapempha tchuthi n'kubwera, ndipo analowa limodzi mu ofesi yaing'ono yonunkha mapepala akale. Wapolisiyo anali wachinyamata, wonyadira kuti kalata yake yayankhidwa ndi anthu akunja. Anawapatsa pepala limodzi. Adokotala anali ataiwala magalasi awo patebulo kuntchito, choncho anapatsira mwanayo kuti awerenge mokweza.

Panali mndandanda wa masiku, nthawi, malo, ndi dzina la intaneti imene tabuletiyo inalumikizikapo. Mizere yoyamba inali ya tauni ya mwanayo, pafupi ndi depoti. Kenako malo ena a m'mbali mwa msewu waukulu. Kenako Lachisanu lija, ndipo apa mawu a mwanayo anakwera. "Ababa, inabwera kuno! Inali m'tauni mwathu muno!" Anatsitsa chala pamzere womaliza. "Lachiwiri, mphindi khumi ndi zisanu ndi ziwiri itadutsa teni koloko. Dzina la wayifayi..."

Anaima.

"Werenga," anatero Adokotala.

"Ababa."

"Werenga, mwanawe."

"ANESI," anatero mwanayo motsitsa. "Ndi zilembo zikuluzikulu. Pansi pake alemba kuti patapita mphindi ziwiri chipangizocho chinafufutidwa."

Adokotala anamva kakulira kaja, supuni kugunda kapu, momveka bwino ngati kakuchokera pansi pa tebulo la wapolisiyo. Galasi losweka limasinthidwa ndi aliyense wokhala ndi sikuludiraiva, iwo eni anasinthapo mazanamazana. Kava imavulidwa ngati malaya. Koma tabuleti yachilendo sikanalira pamalo paja, chifukwa sikanadziwa nambala yachinsinsi ya wayifayi yawo. Inalira chifukwa inazindikira kwawo. Inayenda m'manja mwa anthu maola asanu a msewu, n'kudzafika pa tebulo limene mwiniwake anakhala pambali pake zaka zonse zija, n'kuitana. Kuseri kwa galasilo, nkhope itakanikizidwa pa kansalu kobiriwira, Anesi anali atatseka diso limodzi, akudikira kuti munthu afulumire.

Wapolisi anatenga cholembera. "Ndiye poti dzinali mukuoneka kuti mukulidziwa, bambo, zaphweka. Malowo ndi ati? Tikamutenge munthu amene anafufutayo."

"Ndikumudziwa," anatero Adokotala.

"Ali kuti?"

"Wakhala pampando wanuwu."

Mwana wawo sanakalipe. Bola akanakalipa. Anapinda pepalalo kanayi, n'kuliika m'chikwama chake, n'kugwira bambo ake pamkono monga amagwirira odwala ofika kusitolo kwake. Panja, ali pamasitepe a polisi, anangofunsa funso limodzi. "Simunaitembenuze, ababa?" Iwo anapukusa mutu. Anayenda mpaka pokwerera basi.

Za Wajekete Adokotala anawauza apolisi zonse, ndi za iwo eni zomwe, za zaka zonse zija. Anaitanidwa kangapo, n'kuchenjezedwa, nkhani n'kuzilala. Wajekete sanaonekenso m'nyumba ya mashopu ija. Tabuletiyo ili kwinakwake, ndipo mwina mwana wina akuphunzirirapo kuwerenga. Ngakhale itapezeka lero, ndi sileti yopukutidwa, ndipo amene anapukuta ankaidziwa ntchito yake. Madzi akatayika sawoleka.

Wometa mpaka lero amati mlandu ndi wa kampani. Akanangonena Lachisanu lija kuti katundu wanu walowa m'tauni mwanu, kodi munthu akanagoneka tabuleti chafufumimba? Ndipo sakunama. Mwana wawo amati pakanakhala njira yachangu yoti kampani ndi apolisi azimvana, osati masabata asanu ndi anayi a zidindo, amayi ake akanamveka. Nayenso sakunama. Adokotala akamva zimenezi amangoti, "Iwo anali ndi makina, ine ndinali ndi dzanja. Kutembenuza sikufuna kalata." Ndiye amawerama n'kupitiriza kuwotcherera.

Zimene zinali mu uthenga wakhumi ndi chiwiri palibe amene akudziwa. Mwanayo amaganiza kuti mwina amayi ake ankafuna kupepesa chifukwa chomukakamiza kupirira pabanja lija. Adokotala ayesa kulingalira zambiri, za chikondi, za chinsinsi china cha kale, za kumene kunabisidwa chinthu. Koma akatseka maso kuti amve mawu a Anesi, chimene chimabwera ndi chimodzi chokha, chija ankachimva Lachiwiri lililonse n'kuseka.

Kansalu kobiriwira anakataya. Dzina la wayifayi sanasinthe, ndipo anakana mwana wawo atawauza kuti asinthe. Makasitomala akale, amene mafoni awo amaidziwa nambala yachinsinsi, akangofika pakhomo foni imalira m'thumba, kakulira kakang'ono kaja. Nthawi iliyonse manja a Adokotala amaima m'malere, chowotcherera chikufuka utsi, ndipo amayang'ana pampando wa pakhomo. Kasitomala amadikira. Kenako iwo amatambasula dzanja n'kunena kuti, "Bweretsani. Tiyambe taona nkhope."